Benchi ya a Tiwale

Nyumba yanga ili ku Kawale, kumunsi kwenikweni kumene msewu umathera pa khwawa. Ndinaimanga ndekha, poti ntchito yanga inali yomanga. Ikanakhala itagwa pofika lero. Ikadali chiimire chifukwa cha telala wina, a Anock Tiwale, munthu amene sanayalepo njerwa ngakhale imodzi. Ine ndine Malizani. Kulemba sindikonda, koma za munthu ameneyu ndilemba.

A Tiwale kwawo ndi ku Dedza, cha ku Linthipe. Anafika mu Lilongwe ali mnyamata, nthawi imene ife tinkamanga maofesi a boma mzinda uno utangosanduka likulu. Anaphunzira kusoka m'sitolo ya mmwenye wina ku tauni yakale. Atagula makina awoawo, aja opalasa ndi phazi, anakhazikika pa khonde la golosale ina pafupi ndi msika wa Kawale, ndipo mpaka lero ali pomwepo. Amasoka mayunifolomu a ana a sukulu, mabulauzi oyera a amayi a Chigwirizano, ndi kuphatika zigamba. Kusoka kwawo n'kwapakatikati. Ndili ndi thalauza limene mwendo wake wina ndi waufupi, ndipo tonse awiri tikudziwa amene anachita zimenezo. Koma makina omwewo analera ana anayi, ndipo onse anatsiriza sukulu.

Chimene anatchuka nacho ndi unkhoswe. Ambiri a ife a kummwera tinabwera kuno kudzafuna ntchito, amalume tinawasiya kumudzi. Ine kwathu ndi ku Phalombe. Banja likagwedezeka sungatume munthu mpaka ku Phalombe kukatenga ankhoswe, pomafika iwo mbale zitasweka kale. Choncho anthu anayamba kubwereka a Tiwale. Linayamba ndi banja lina la ku Thyolo limene linkachita lendi kuseri kwawo. Banjalo silinathe, mbiri inamveka, ndipo posakhalitsa a Tiwale anasanduka amalume a theka la Kawale, Alhomwe, Asena, Amang'anja, ndi ena oti sapemphera nawo n'komwe.

Lamulo lawo ndi limodzi: samva mbali imodzi. Mkazi akabwera yekha akulira, amamupatsa madzi akumwa n'kumuuza kuti, “Mayi, mawuwo asungeni. Bwerani ndi amuna anu.” Mwamuna akayamba kudandaula ali yekha, iwo amangopalasa makina mwamphamvu mpaka munthuyo atatopa ndi kufuula. Wina akakana kubwera, a Tiwale amavala jekete yawo yakuda n'kukamugogodera kunyumba m'mamawa, asanasambe, monga achitira ankhoswe. Jekete imeneyo ikaoneka pakhomo pa munthu dzuwa lisanakwere, oyandikana naye amasiya kusesa.

Ndiye pali benchi. Ndi ya thabwa limodzi, yaifupi, ndipo kalipentala amene anaikhoma anaika miyendo pafupi ndi pakati. Anthu awiri akakhala uku ndi uku, wina n'kunyamuka mwaukali, mnzakeyo amapita pansi. Agwapo ambiri. A Tiwale sanaikonzetse. Okangana amawakhazika pamenepo, ndipo amene akufuna kunyamuka amayenera kuuza kaye mnzake kuti, “Ndikunyamuka.” Ine ndi mayi a kunyumba, a Leah, tinakhalapo kamodzi kalekale. Nkhani yake si ya pano.

Si mabanja onse anapulumuka. Ena anathera pa benchi pomwepo, ndipo a Tiwale ankaonetsetsa kuti zadziwika za komwe ana azikhala. Mkazi akabwera ndi nkhope yotupa, benchi saitulutsa, amavala jekete n'kumuperekeza ku polisi. Akazi awo, Mayi Sophie, amati kunja a Tiwale samva mbali imodzi, koma kunyumba samva mbali iliyonse.

Tsopano za khwawa. Pamene ndinkamanga nyumba linali kangalande chabe, mwana ankalumpha. Kumtunda kunali minda ndi mitengo. Mitengo inathera m'mauvuni a njerwa ndi pa mbaula, minda inasanduka nyumba za malata, ndipo mvula nayo inasintha khalidwe. Imakhala osagwa mpaka chimanga kufota, kenako ya mwezi wonse n'kugwa masana amodzi. Madzi onsewo njira yawo ndi kuseri kwanga. Khwawa linakula, linazama kuposa msinkhu wa munthu. Chaka china linatenga chimbudzi changa, ndi chitseko chomwe. Pakati pa khwawa ndi khoma la chipinda chogona panangotsala mtengo wa mango ndi malo oyanika zovala.

Woyamba kutithandiza anali Mayi Maureen Pemphani, mlangizi wa zankhalango. Anabwera m'nyengo yobzala mitengo ndi galimoto yodzaza mbande. Panali mwambo, ana a sukulu anaimba, masikipa anagawidwa, ndipo panalankhulidwa za kusintha kwa nyengo ndi ndondomeko ya boma yobwezeretsa mitengo. Ambiri chimene anadzera ndi masikipawo. Ife a m'mphepete mwa khwawa tinabzala mthethe ndi keshya mzere wonse, n'kumathirira chilimwe chonse ndi madzi ogula pa kiosiki. Mayiwo sanathere pa mwambo. Ankabwera wapansi kudzaona mbande zimene mbuzi zadya, n'kubweretsa zina. Patapita zaka zingapo mitengo inapitirira denga, dothi linaleka kugumuka, ndipo ine ndinaleka kudzuka mvula ikayamba.

Wachiwiri kutithandiza anali Bambo Wilkins, kapitawo wa anthu okoka nthambo za magetsi. Munthu wojintcha, wokonda nthabwala. Anati boma likufuna magetsi afike m'nyumba za kumunsi kuno kuti anthu achepetse makala, mitengo ipume. Tinaomba m'manja. Koma nyumba zathu n'zothithikana, malo okha oti mapolo adutse anali m'mphepete mwa khwawa, ndipo pansi pa nthambo za magetsi sipakhala mtengo wautali. Tsiku limene anadula ine ndinali ku maliro ku Biwi. Pobwera ndinapeza zitsa, ndipo zitsa nazo anthu anazikumba n'kukasonkhera moto. Mango okha anatsala, poti anali chakuno pang'ono. Magetsi anayaka, sindikana. Babu ndili nalo, ndipo a Leah amaphika pa hotipuleti masiku amene sanazime.

Wachitatu anali a Jones a ku ofesi ya misewu ndi ngalande. Msewu wathu unkasefukira mpaka ana kulephera kupita ku sukulu. Anaukonza bwino, ngalande ya simenti mbali imodzi, ndipo pa chikwangwani panalembedwa kuti ndi ntchito yoteteza anthu ku kusintha kwa nyengo. Ngalandeyo inatsika ndi msewu, ndipo poti msewu umathera pa khwawa, nayo inathera pomwepo. Kukamwa kwake kunalunjika pamene panali mitengo paja.

Dzinja limenelo dothi linagumuka chigawo chachikulu. Mizu ya mango inatsala ili lendelende. Pa khoma la kuchipinda panabwera mng'alu. Mmisiri amasiyanitsa mng'alu wa pulasitala ndi mng'alu wa maziko. Uwu unali wa maziko. A Leah anapisamo chala, chinalowa.

“Bambo a Tiyese, bedi tikusamutsira pa balaza,” anatero. “Inu munamanga maofesi onse aja. Pitani akakuoneni.”

Ndinaona kuti dzinja lina likabwera chonchi, tikachita lendi ku Mtsiliza pa ukalamba wathu.

Chilimwe chonse ndinayenda m'maofesi. Palibe amene anandinyoza, ndipo palibe amene ananama. Mayi Pemphani anapsa mtima atamva za mitengo yawo, anati tibzalanso. Nditakawauza a Wilkins, anati, “Madala, mukabzala tidzadulanso. Nthambi ikakhudza waya mvula ikugwa, mwana n'kufa, mudzamanga ine.” A Jones anati ntchito yawo ndi kuchotsa madzi pa msewu, akalowa m'khwawa asanduka a ofesi ina. Onse atatu anandiuza kuti kumtunda kuli komiti imene imalumikiza nkhani za nyengo, za magetsi ndi za chilengedwe, ndipo nkhani yanga ndi ya kumeneko. Ndinafunsa khomo lake kuti ndikagogode. Anati ilibe khomo, imangokumana.

Nsapato zinatha, thalauza linang'ambika pokwera minibasi. Ndinapita nalo kwa a Tiwale, ndipo akusoka ndinayamba kuwafotokozera. Makina anayamba kulira mwamphamvu.

“A Tiwale, si banja ili! Ndi boma.”

Anaimitsa phazi. “Atatuwa bambo wawo ndani?”

“Ndanena, boma.”

“Malipiro amatapa m'nkhokwe imodzi?”

“Imodzi.”

“Ndiye ndi a nyumba imodzi. Munawaonapo atakhala pamodzi?”

“Aliyense ali ndi ofesi yake.”

“A Malizani, inu mwakhala mukutenga mawu a uyu kukatula kwa uyo, a uyo kukatula kwa winayo. Kwathu munthu wotero sitimutcha nkhoswe. Dzina lake mukulidziwa.”

“Mukunditukwana?”

“Ndikukusokerani thalauza. Amakhala kuti anthuwa?”

Ndinawauza kuti munthu wa boma salondoledwa kunyumba. Iwo anati ku ofesi amene amayankha ndi mpando, kunyumba amayankha ndi mwana wa munthu. Mayi Sophie anafunsafunsa mwa amayi a kutchalitchi, ndipo posachedwa tinadziwa: a Wilkins ku Area 23, Mayi Pemphani ku Area 18, a Jones ku Nsungwi.

Tinayamba ndi a Wilkins. Nkhoswe sayenda yekha, choncho nanenso ndinavala jekete. Tinakwera minibasi ya m'mamawa. Tinapeza akazi awo, Mayi Linda, akusesa pabwalo. Chimene sitinkadziwa n'chakuti mayiwo ankawadziwa a Tiwale, poti nkhani ya mng'ono wawo inakambidwapo pa benchi ija. Atangoona jekete yakuda, tsache linagwa.

Anatipatsa mipando, anagwada, anatipatsa moni mwaulemu wonse. Kenako anaimirira n'kuitana ndi mawu ena.

“Bambo a Tiwonge! Tulukani. Abwera.”

A Wilkins anatuluka thaulo lili paphewa, sopo m'khutu. “Abwera ndani? Aa, madala a ku Kawale!”

“Ee, ku Kawale,” anatero Mayi Linda. “Miyezi yonse ija, ‘tikukoka layini ku Kawale, tichedwa ku Kawale.’ Lero zaoneka. Ali ndi miyezi ingati?”

“Ndani?”

“Musandifunse ine! Afunseni amalume akewa.”

Pa mpanda wa nyumba yoyandikana panali patatulukira kale mitu iwiri ya maduku.

“Mayi,” anatero a Tiwale mofatsa, “khalani pansi. Palibe mtsikana. Ndi mitengo.”

“Mitengo?”

Ndinafotokoza mwachidule za zitsa, ngalande ndi mng'alu. Mayi Linda anandiyang'ana ine, anayang'ana amuna awo, kenako anaseka mpaka kukhala pa zinyalala zimene anasesa. A Wilkins anayamba kufotokoza za lamulo la pansi pa nthambo. A Tiwale anakweza dzanja.

“Musandiuze ine, bambo. Mukanene pamaso pa anzanu. Loweruka m'mawa, pa khwawa pomwepo.”

“Loweruka sitigwira ntchito, madala.”

“Mupita,” anatero Mayi Linda akupukuta misozi. “Area 23 yonse yaona ankhoswe pakhomo panga. Mupita, nanenso ndipita, ndikaone zitsazo ndi maso anga.”

Mayi Pemphani sanavute, anali ndi mawu amene anawasungira a Wilkins. A Jones ndiwo anavuta. Tinawapeza akupukuta nsapato pa khonde.

“Abambo, popanda chilolezo cha mabwana sindingalankhule m'malo mwa ofesi.”

“Ofesi sitikuiitana, singakwane pa benchi,” anatero a Tiwale. “Tikuitana inu.”

“Ndiganizira.”

“Ganizirani. Tidzamva mawa.”

Mawa lake jekete inali pakhomo pawo, mkuja lakenso chimodzimodzi. Eni nyumba imene a Jones amachita lendi atayamba kufunsa kuti kodi mwalakwa chiyani, a Jones anavomera.

Loweruka benchi inabwera pa kabaza. Tinaiika pansi pa mango, moyang'ana khwawa. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anthu a m'mphepete anabwera ndi mipando yawo. Atatuwo atafika anapatsana moni motchulana mayina. Kani amadziwana. Anali atakhalapo pa tebulo limodzi ku Salima, pa msonkhano wophunzitsa maofesi kugwirira ntchito pamodzi, ndipo manambala a foni anali nawo kale. Khwawa lokhali ndi limene anali asanalionerepo limodzi.

A Tiwale anawakhazika Mayi Pemphani uku, a Wilkins uko, a Jones pakati, mapewa kukhudzana. Anatsegula ndi pemphero lalifupi. Kenako anati, “Mwini nyumba ndi uyu, mng'alu ndi uwo. Yambani, mayi.”

Mayi Pemphani anayamba. Ananena za zaka zimene mitengo inatenga, za madzi a pa kiosiki, za mbuzi. “Inu m'mawa umodzi basi, ndi makina anu, osaimba ngakhale foni!”

“Auzeni, mayi!” anafuula wina kumbuyo.

“Mayi, pulani ya layini inadutsa m'maofesi onse,” anatero a Wilkins.

“Pa tebulo panga sinafike.”

“Inafika kwa abwana anu.”

“Abwana anga ndi amene ankathirira?”

“Nanga inu pobzala munafunsa ndani? Mitengo yaitali, pamalo okhawo oti waya adutse?”

“Munali kuti nthawi imeneyo? Magetsi anuwo tinkangowamva pa wailesi!”

Foni ya a Jones inalira, kapena anailiza okha, sindikudziwa. Anachoka pakati paja n'kupita poteropo. A Wilkins, mwa nthabwala zawo zija, anati iwo akapanda kudula, mayiwo azibzala chiyani, ntchito siwathera? Mayi Pemphani ananyamuka ngati alumidwa ndi linthumbu.

Benchi inagwira ntchito yake. A Wilkins anapita pansi chagada, miyendo m'mwamba, fumbi lili koboo.

Anthu anaopa kuseka, poti ndi bwana. Amene anayamba kuseka ndi Mayi Linda. Kenako tonse, ndi Mayi Pemphani omwe, uku akuwagwira dzanja kuwadzutsa.

“Pa benchi iyi timatsanzika,” anatero a Tiwale.

A Wilkins anapita m'mphepete mwa khwawa kukasasa fumbi. Anaima pamenepo kanthawi akuyang'ana pansi. Kenako anaitana. “A Jones, siyani foniyo. Tabwerani muone.” Madzi a m'ngalande anali atafukula pansi pa polo imodzi. Tsinde lake linkaoneka, ndipo waya woigwira uja anali atakhwepa. “Iyi ikagwa, kumunsi konse kuno kuli mdima, waya wamoto ali m'madzi. Madzi anuwa.”

“Akachoka pa msewu si anga,” anatero a Jones, koma motsitsa mawu.

“Ndiye ndi a ndani? A atelalawa?”

Apa m'pamene a Tiwale anafunsa funso limene amafunsa banja lililonse. Iwo sanena kuti wolakwa ndi uyu. “Za dzulo tamva, zakwana. Khalaninso pansi. Lolemba aliyense achita chiyani?”

Zotsalazo anazipeza okha, poti ntchito zawo amazidziwa. A Wilkins anayeza ndi mapazi malo amene safuna mtengo wautali, nati chilichonse chosapitirira msinkhu wa munthu alibe nacho ntchito.

“Bwanji simunanene kale?” anafunsa Mayi Pemphani.

“Munandifunsa?”

Mayiwo anati ndiye pansi pa nthambo tibzale udzu wa vetiva, umene sutalika koma mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kumanga dothi, ndipo nsungwi ndi mitengo yaitali zipite tsidya linalo. A Jones anati kukamwa kwa ngalande kungatsitsidwe ndi masitepe a miyala mpaka pansi pa khwawa, kuti madzi azigwera pa mwala. Simenti analibe mpaka bajeti ina, koma kuntchito kwawo kunali mawaya oluka otsala, aja amadzazamo miyala. Miyala yake analibe ponyamulira. A Wilkins anati lole yawo imabwera kuno yopanda kanthu ikamadzatenga antchito. Ine ndinati kuyala mwala ndi ntchito yanga, ndipo manja alipo.

Kenako awiri aja, a mitengo ndi a magetsi, anayang'ana m'mwamba. Nthambi ya mango inali itayandikira waya, ndipo mtengo wonse unali utapendekera ku khwawa. Mayi Pemphani anati ukagwa uzula dothi lonse mpaka pa maziko. A Wilkins anavomereza. Aka kanali koyamba awiriwa kugwirizana, ndipo anagwirizana pa mtengo wanga.

“A Tiwale, mango anga?”

“Pa mlandu aliyense amasiyapo kanthu, a Malizani. Mumayesa mwabwera kudzaonerera?”

Anali mango okoma, maboloma. Ndinadula ndekha.

Si zonse zinayenda. Simenti sinabwere mpaka lero. Lole ya miyala inafika mochedwa, mvula yoyamba itagwa kale, ndipo tinayala miyala tikuterereka m'matope, amuna ndi amayi a m'mphepete monse. Vetiva wina mbuzi zinazula asanagwire, Mayi Pemphani anabweretsa wina. A Jones anabwera ndi chingwe chawo choyezera, natsikira okha m'khwawa nsapato zija zili m'manja. A Tiwale sananyamule mwala, msana wawo sulola. Ntchito yawo inali jekete. Amati unkhoswe suthera pa tsiku la mlandu, choncho akamva kuti wina wazizira, ankakwera minibasi ya m'mamawa. Akuti Mayi Linda anafika powasungira kapu yawoyawo ya tiyi.

Mvula yeniyeni inabwera mu Januwale, masana. Ndinaima pa khomo la kuseri ndi a Leah. Madzi anatsika m'ngalande ali psuu, ndi majumbo, ndi nkhuku yakufa, akulira ngati chigayo. Anagwera pa masitepe athu. Chikhola chimodzi cha miyala chinasuntha, mpanda wa aneba unapita. Vetiva anagona yense ngati wapesedwa, madzi ataphwa anadzukanso. Ndinalowa kuchipinda n'kupapasa pamene ndinali nditamata mng'alu uja. Panali pouma, posang'ambika. Polo nayo inali chiimire. Madzulo ake bedi linabwerera kuchipinda.

Pa wailesi ndimamva akuluakulu akunena zoti maofesi a zanyengo, zamagetsi ndi zankhalango aziyendera limodzi. Ndikuwafunira zabwino, ndi ntchito yofunika. Sindikudziwa kuti kumeneko amakhalira mipando yotani.

A Tiwale akalamba tsopano. Ulusi amawalowetsera pa singano ndi Mayi Sophie. M'mawa mwake mvula ija itagwa ndinagwira tambala, monga timachitira ndi ankhoswe nkhani ikatha bwino, n'kupita naye pa khonde paja.

“A Tiwale, nyumba yaima. Ndabwera kudzathokoza.”

Makina anayamba kulira.

“A Tiwale! Ndati ndikuthokoza!”

Anaimitsa phazi, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi. “Nyumbayo mumagonamo nokha?”

Ndinabwerera tambala ali m'khwapa, msika wonse ukundiyang'ana. Ndinakatenga a Leah. Tinakhala pa benchi, iwo uku ine uko, tambala pakati, ndipo a Leah ndiwo analankhula kwambiri, poti amatha. A Tiwale anamvetsera mpaka kumapeto, analandira tambala, nandiuza kuti thalauza ndavalali likufuna chigamba china.

Titatha ndinatembenukira kwa a Leah.

“Ndikunyamuka,” ndinatero.